Tsiku Limene Ndinanamiza Wogulitsa Majombo

Zikhadabo ziwiri za zala zanga zazikulu zakumapazi zinathothoka m'mwezi wa Malichi, ndipo palibe amene ndingamuloze chala koma ine ndemwe. Ndikunena izi ndine mayi wamkulu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Springburn, kumene tsiku ndi tsiku ndimafunsa agogo achizungu kuti, "Pakupweteka ndi pati? Musandibisire." (Muone pamene pagona manyazi anga.)

Mwana wanga wamkazi Tadala anabadwira konkuno ku Glasgow. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno, chija chimamveka ngati munthu akuyankhula akutafuna chimanga chokazinga. Choncho mawu ake amene ndilembe pano ndachita kukumasulirani. Kusukulu ndi kumene anazolowera masewera a ski, aja munthu amamanga timatabwa titalititali kumapazi n'kumatsetsereka pa chipale chofewa kuchokera pamwamba pa phiri. Ine ndinkangowaona ngati masewera a anthu amene alibe mavuto enieni, ndiye amachita kukawafuna kuphiri.

Atatsala pang'ono kukwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndinamufunsa mphatso imene akufuna. Ndinkayembekezera foni. Iye anati, "Mami, sindikufuna phwando kapena foni. Ndikufuna tsiku limodzi kuphiri, inu ndi ine basi, ndisanapite ku yunivesite."

Apa mumvetse. Kwa zaka ziwiri mwanayu ankangoti akabwera kusukulu, kuchipinda, chitseko gwa! Tinkakhala nyumba imodzi ngati anthu ongokumana pa siteji ya basi. Ndiye lero akundipempha tsiku lathunthu? Akanati tikakwere ngamira, ndikanavomerabe.

Vuto linayambira pa mapazi. Nsapato ndinayamba kuvala ndili Sitandade 6 kwathu ku Ntcheu, choncho phazi langa linakula mwaufulu, lotambalala ngati khasu, ndipo pambali pa chala chachikulu pali fupa lotuluka. Titayesa majombo a ski obwereka pamalo ena ophunzirira mumzinda momuno, onse anakana kutseka. Mphunzitsi wake anati ndipite kusitolo kumene amayeza phazi bwinobwino n'kukonza jombo kuti ligwirizane ndi mwini wake. (Mtengo wake tisaunene, bambo a Tadala amawerenga.)

Kusitoloko ndinkaganiza kuti andithandiza kamtsikana kapena kamnyamata. Koma kunatuluka bambo wachikulire, imvi mbuu, wamsinkhu woti ndikanamuitana kuti malume. Anandikhazika pa benchi lalitali. Kenako, ine ndikuona, anagwada pansi patsogolo panga. Mawondo ake ndinawamva kulira, thee!

Anthuni, thupi langa lonse linachita tsemwe. Kwathu wogwada ndi ine. Ndinakula ndikugwada popereka madzi, popereka moni, ngakhale poyankha kuitana. Tsono bambo waimvi ali chogwada, ine ndakhala pamwamba ngati mfumukazi, ndipo akundipempha mwaulemu kuti ndivule masokosi. Anagwira phazi langa ndi manja awiri, ming'alu yonse ili poyera, n'kumalitembenuza uku ndi uku ngati akusankha chinangwa pamsika. Ndinkangomva ngati malemu mayi anga aima kumbuyo kwanga atagwira pakamwa. M'mutu mwanga munalibenso za ski, munali chinthu chimodzi chokha: bamboyu adzuke msanga.

Anabweretsa majombo a pulasitiki wolimba ngati ndowa, ofika pakati pa mwendo. Ndinalowetsa phazi movutikira, iye n'kutseka zomangira zake zinayi, kwa, kwa, kwa, kwa. Nthawi yomweyo fupa lija linayaka moto, ndipo zala zinakakanikizika kutsogolo.

"Mayi, jomboli liyenera kugwira phazi zolimba, koma lisalume," anatero. "Likaluma mundiuze. Ndili ndi makina otenthetsera pulasitikiyu n'kumufutukula pamalo pomwepo. Imirirani, pindani mawondo. Mukumva bwanji?"

"Zili bwino kwambiri," ndinatero.

"Apa?" Anadina pafupa penipeni. Ndinaona nyenyezi masanasana.

"Palibe vuto."

Tadala, amene anakhala pambali, anandiyang'ana. "Mami, nenani zoona. Ntchito yawo ndi imeneyi."

"Iwe, ndati zili bwino. Usawavutitse bambowa."

Bambo uja anandiyang'ana kumaso. Kenako anati zaka zonse wagwira ntchitoyi sanaonepo phazi lotere likulowa ulendo woyamba popanda dandaulo. Ine ndinamwetulira, kuyesa akundiyamikira. Anandilangiza kuti ndizikawavala kunyumba theka la ola tsiku lililonse, ndi masokosi opyapyala peyala imodzi yokha, ndipo ndikangomva kupweteka ndibwererenso. Atadzuka pansi paja, atagwirira benchi, mtima wanga unakhala m'malo. Ndinatuluka m'sitolomo ngati munthu wopambana mlandu.

Timakhala ku Maryhill, pansanjika yachitatu m'nyumba zakale zamiyala zija. Ndinayamba kuwavala ndikamasita kapena kutsuka mbale. Kuyenda ndi majombo amenewa sikuyenda ayi, chifukwa akakolo sapindika, ndiye umangoti gu, gu, gu. Tsiku lachitatu gogo wina wamkazi amene amakhala pansi pathu anakwera masitepe onse kudzagogoda. Anafunsa mwachifundo ngati tikusamuka, ndipo anati atisowa. Atayang'ana kumapazi kwanga, kumtunda ndili ndi chitenje, anangoti, "Oo," n'kutsika osanenanso kanthu.

Bambo a Tadala ndiye anapeza poyambira. "Mayi, mwalembedwa usilikali liti? Bwanji osatitsanzika?" Koma ataona kuti ndikavula ndikutsimphina, anasiya nthabwala. "Bwererani kusitolo kuja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Nsapato yatsopano imaluma, kenako imazolowera," ndinawayankha. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nzeru zonse zakwathu zofewetsera nsapato ndinaziyesa. Ndinapaka vaselini m'kati. Ndinanyowetsa nyuzipepala n'kuzikanikizira kutsogolo kuti zifutukule, monga tinkachitira ndi nsapato za sukulu. (Chikopa chimamva zimenezi. Pulasitiki samva.) Pomaliza ndinaganiza zovala masokosi awiri okhuthala kuti fupa lizigona pofewa, osaganiza kuti ndikuwonjezera alendo m'nyumba yodzadza kale.

Mufunsa kuti bwanji osangobwerera. Nanenso ndadzifunsa kambirimbiri. Kubwerera kunkatanthauza kuvomera kuti ndinanama, komanso kumugwaditsanso bambo uja chifukwa cha phazi langa losamva. Komanso pali china chimene chili pansi pa zonsezi. Ine anandilera kuti mkazi weniweni sadandaula. Pobereka usakuwe, pamaliro ulire koma mawa ukatunge madzi, wina akakufunsa moyo uyankhe kuti uli bwino kaya iwo. Kupirira kumeneku kunandithandiza pambiri, sindingakunyoze. Kunandiwolotsa zaka zoyamba m'dziko lozizirali. Kungoti palibe anandiuza kuti pena pamafunika kuvula kupirirako.

Tsiku lija linafika, Loweruka lina la mu Febuluwale. Tinakwera basi yopita kumapiri akumpoto, ndipo Tadala anayankhula ulendo wonse. Anandiuza za maphunziro amene akufuna, za mnzake wina amene amadya zinthu zosadziwika, mpaka anatsamiritsa mutu paphewa langa. Sindinagwedezeke n'komwe, kuopa kuti angauchotse.

Kuphiriko ndinaphunzira chinthu chimene palibe nyuzipepala yonyowa ikanandiuza: pulasitiki akazizidwa amauma kuposa kale. Ndinatseka zomangira zija pamwamba pa masokosi anga awiri, ndikuluma mlomo. Tinapita pakamtunda ka ongoyamba kumene, pakati pa tiana ta zaka zisanu timene tinkandidutsa ngati ndine mtengo. Tadala anandigwira manja onse awiri, iye akutsetsereka chafutambuyo. "Pindani mawondo, Mami. Yang'anani ine, musayang'ane pansi." Ndinagwa kanayi, iye akuseka mpaka misozi. Ulendo wachisanu anandisiya manja, ndipo ndinatsika ndekha mpaka pansi. Ndinangozindikira ndikuimba nthungululu, azungu onse n'kucheuka. Chimwemwe cha mphindi imeneyo sindidzachiiwala.

Kenako kupweteka kuja kunasiya. Ndinakondwera, ndinati tsopano majombo azolowera. Chonsecho mapazi ndiwo anali atachita dzanzi. Titakwera pamtunda wokulirapo pang'ono, ndinauza phazi lamanja kuti likhote, koma uthenga sunafike. Ndinalunjika ku ukonde umene amatchinga nawo m'mphepete, n'kukakodwamo ngati nkhuku yopita kumsika. Nditayesa kudzuka, miyendo inakana. Anyamata awiri othandiza ovulala anandigoneka pa chinthu chonga bwato, kundifunditsa mpaka m'khosi, n'kunditsitsa anthu onse akuona. Nthawi inali isanakwane n'komwe 12 koloko.

M'kanyumba ka ovulala anavutika kuti avule majombo aja. Litatuluka loyamba, sokosi yapamwamba inali yofiira. Anavula yachiwiri, ndipo zala zazikulu zinali zakuda bii, pafupa paja pali chilonda cha masabata atatu. Magazi atayamba kubwerera m'mapazi, ndinakuwa. Inde, mwana wa mayi anga, ndinakuwa.

Tadala sanaseke. Anaima chilili akuyang'ana chilondacho.

"Ichi sichalero," anatero. "Chinayamba liti?"

"M'sitolo muja."

"Ndinakufunsani, Mami. Bambo aja anakufunsani kawiri."

"Sindinafune kukuwonongera tsiku lako, mwanawe."

"Ndiye mwalikonza?"

Anandithandiza kufika m'nyumba yomwera tiyi, kundikhazika pawindo mapazi atakulungidwa m'bulangeti. Ndinamuuza kuti apite akasewere, dzuwa likanalipo. Anakana, ati sanabwerere chipale, chipale amachiona chaka chilichonse. Anagula tiyi n'kukhala pafupi nane. Kenako anayamba kuyankhula, maso ali pa kapu.

"Mukukumbuka chaka chija ndinasiya kudya chakudya cha kusukulu? Panali atsikana ena amene ankandizunza. Teremu yonse ndinkadyera m'chimbudzi. Mukandifunsa kuti sukulu ili bwanji, ndinkati ili bwino."

"Tadala! Bwanji sunandiuze?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mapazi anga.

"Agogo atamwalira ku Malawi, munamva uthenga m'mawa, masana munapita kuntchito. Ndinakufunsani, munati muli bwino. Ine ndimayesa m'nyumba mwathu timatero."

Ululu wa zala zija ndinauiwala. Zaka zonsezi ndinkadandaula kuti mwanayu sanatenge kalikonse kakwathu, chilankhulo ayi, kavalidwe ayi. Chonsecho anatenga chinthu chimodzi, anachitenga bwinobwino, ndipo anakhala nacho yekha m'chimbudzi cha pasukulu teremu yathunthu. Ndinalira pamaso pa anthu, osabisa nkhope. Iyenso analira. Mayi wina anatibweretsera timapepala topukutira, mwina poganiza kuti ndathyoka mwendo.

Mabala atapola ndinanyamula majombo aja kubwerera kusitolo. Bambo uja anandizindikira msanga. Anagwadanso, mawondo n'kuliranso, ndipo mtima wanga unayambanso zake zija. Koma ndinadzigwira n'kuloza. "Apa. Ndi apa. Ndiponso apa pang'ono." Analemba timizere pa pulasitiki, kupita nawo kumbuyo, ndipo pasanathe ola anali atawafutukula. Nditavala, anagwira zolimba koma osaluma. Sanandinyoze, anangoti, "Ndinkakudikirani." Panthawiyi n'kuti chipale chitasungunuka kale m'mapiri, ndipo mu Sepitembala Tadala anapita ku yunivesite. Tsiku limene anandipempha lija linathera pa maola awiri.

Ndingakonde kukuuzani kuti ndinasinthiratu, koma likhala bodza lina. Lamulungu lapitali kutchalitchi aliyense amene anandipatsa moni ndinamuuza kuti ndili bwino, chonsecho msana ukundiwawa. Titaweruka Tadala anaimba foni.

"Muli bwanji, Mami?"

"Ndili bwino, kaya iwe?"

Sanayankhe. Ndinayang'ana foni kuyesa yaduka, koma anali pompo, akudikira. Ndinakhala pansi.

"Msana ukuwawa," ndinatero. "Ndipo nyumbayi yakula kwambiri chichokereni iwe. Ndakusowa, mwana wanga."

Anayankha m'Chichewa chake chopindikapindika chija.

"Inenso sindili bwino kwenikweni, Mami. Muli ndi nthawi?"