Mawu a Damiano Anatsakamira pa Chingwe

Amene akufuna kuseka asekeretu pano, chifukwa kutsogoloku kulibe choseketsa. Inu anyamata a pa Linthipe mumadzimva ndi timafoni tanu topalasa ndi chalati, koma mukanakhala m'chigwa cha kwathu ku Mphunzi chaka chomwe mlongo wanga Nachisale anadwala, mukanangogwira m'mutu. Kumeneko netiweki inkadutsa m'mwamba osatera, foni m'thumba inali tochi chabe. Ndikulumbira pali manda ake, zimene ndinene pano ndinachita ndi manja anga omwewa.

Kuchipatala anali atatibweza, akuti kamuyang'anireni kunyumba, ndipo nonse mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Bambo mfumu anabwera kudzamudzoza mafuta, amayi a mphakati anaimba mpaka mawu kusasa, koma iye anakana kutsirizika. Ankangoti, "Achimwene, ndimve kaye mawu a Damiano." Damianoyo ndi mwana wake mmodzi yekhayo, anapita ku Joni kalekale. Kumunyamula wodwalayo kukwera naye phiri kukasaka netiweki kukanakhala kumuphera panjira. Mtima unandipweteka kwambiri, poti mwini mbumba ndine, ndipo maso onse anali pa ine.

Ndinali ndi laputopu yakale yomwe ndinkasungiramo nyimbo za kwaya, ndiye ndinati foni singakwere phiri yokha n'kumalankhulira pansi, koma modemu ingathe, kanthu kaja kotalika ngati chala, kolowetsamo simu n'kukabaya m'mbali mwa kompyuta. Modemu ikhale pamwamba pa phiri, kompyuta kumutu kwa wodwala, pakati chingwe. Ndinaliyatsa liwiro la ku Dedza boma, kupitirira maminibasi, kupitirira galimoto za mbatatesi, moti chithunzithunzi changa ndinakumana nacho ndikubwerera, chili wefuwefu, chisanafike ndi pamsewu waukulu pomwe.

Ku golosale kwa a Yusufu anandikhuthulira mamodemu patebulo. Mukumva? Modemu si tomato woti ungotola wofiira. Ena ndi osalankhula chibadwire, amangodziwa intaneti basi, ungawanyengerere bwanji sangaimbe foni, ena ndi omangidwa, amakana simu ya kampani ina, ena amalankhula koma kompyuta yakale sagwirizana nayo, ndiye ine ndinkatenga imodziimodzi, kuinunkhiza, kuiika kukhutu, kuilawa ndi lilime, mpaka ina yakuda yokandikakandika inandiluma mlomo n'kunena kuti halo. A Yusufu anati, "Bambo, imeneyo ndi yomangidwa, manambala omasulira ndilibe." Ndinangoiyang'anitsitsa osaphethira mpaka inachita mantha, inatchula yokha manambala ake.

Zingwe zonse za m'boma ndinagula, ndinalumikiza, sizinafike ndi pakhonde la tchalitchi, ndiye ndinaonjezera waya wa mabuleki a njinga, waya wa mpanda, waya wa misampha, kuchokera pazenera la wodwala, kuzungulira kuseri kwa nyumba kumene kamtsikana kena kanandimangira, kudutsa m'dimba, kukwera phiri. Inali nyengo yachisanu, chiperoni chitagwira, nkhungu yake yolimba moti nditafika pansonga ndinaisema makwerero ndi khasu n'kukwerabe, ndinakazika nsungwi mumtambo n'kumangirirapo modemu. Inayamba yakoka netiweki ya ku Mozambiki, laputopu pansi ikupereka moni m'Chipwitikizi, amayi a mphakati akuthawa, ndipo ndinaiwomba khofi netiwekiyo n'kubwerera kwawo. Kenako modemu inatentha mpaka anyani anabwera kudzaotha, ndinachita kuikupiza ndi chipewa. Batire la laputopu litatha, dzuwa la sola kulibe, ndinalipana m'khwapa mpaka linadzaza. Kagetsi kofiira ka pa modemu kanasanduka kobiriwira, timizere ta netiweki tinaima tonse.

Ndinaimbira Damiano. Inaitana, inayankhidwa, nthawi inayamba kuwerenga pagalasi. Koma mawu kunalibe, kunali zii.

Nachisale anadzutsa mutu n'kuyamba kulankhula. Anamuuza za munda, za denga lodontha, anamuuza kuti sanamusungire chakukhosi posabwera zaka zonsezi. Atatha anadikira yankho. Ine thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho, ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto, ndinasintha mahedifoni, ndinazula chingwe n'kubaya kabowo kena, ndinafufuta pulogalamu ya modemu n'kuiikanso, ndinakwera phiri kukauzira simu n'kutsika, kukweranso n'kutsika, mpaka njira yomwe ndinaponda ija lero ndi mtsinje. Mfundo iliyonse ya waya ndinaigwira ndi dzanja, kupatula kachigawo kamodzi ka kuseri kwa nyumba, kumene amayi ankachapira nsalu za wodwala. Mwamuna sapondako kumeneko, makamaka mlongo wake wa wodwalayo. Mukumva? Ine amene ndinakwera mtambo, kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga sindikanapitako.

Nachisale anandiyang'ana nati, "Achimwene, wandikwiyira mwanayu, eti?" Ndinamuuza kuti ayi, ndi makina chabe. Sanandikhulupirire. Anatembenukira kukhoma, ndipo dzuwa lisanalowe amayi anayamba kulira.

Tinaika maliro. Tsiku losesa, abale titakhala pabwalo, amayi anapita kuseri kukaanula zofunda za malemu. Apa m'pamene zinadziwika. Iwo ataona waya watsopano atamangidwa bwinobwino anangoti Mulungu adalitse amene watiganizira, n'kuyanikapo mabulangete onyowa, ndipo m'chiperoni muja sanaume, anangolemera n'kupana chingwe. Mawu a Nachisale anali ataonda ndi matenda, anadutsa pansi pa mabulangete n'kukafika ku Joni. Mawu a Damiano anali a mwamuna wamkulu amene akulira, anatsakamira pomwepo n'kuunjikana.

Bulangete lomaliza litangochoka, laputopu yomwe inali yozimitsa, ili m'dengu, inayamba kukuwa. "Amayi, ndine, ndikukumvani. Amayi, sindinakwiye. Mukundimva? Malume, auzeni kuti ndikuyankha." Zonse zimene analankhula tsiku lija zinatuluka motsatizana, kulira komwe. Ndinachotsa batire, sinasiye. Palibe anadya tsiku limenelo. Ndinainyamula ikulankhulabe mpaka kumanda, ndinaikhazika pamtumbira, ndinakhala pambali mpaka mawu onse anatha.

Mukuyang'anana, mukuti mdalayu wayambanso. Nenani, ndinazolowera. Modemu yoposa imene ija sinapangidwenso, ndipo munthu woposa ine pa ntchito imeneyi sanabadwe m'Dedza muno. Koma Damiano akandiimbira masiku ano amafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati mayi ake anamumva asanatsirizike. Ine amene mumanditcha wabodza, pamenepo pokha bodza limandikanika, ndimangoti netiweki ikuvuta n'kudula foni.