Suti Yanga pa Thupi la Amalume

Mpaka lero kwathu ku Kapata, m'tauni ya Chipata, akamakamba za Khirisimasi imene ndinabwera ndi masutikesi awiri kuchokera ku Botswana, amati inali Khirisimasi yamadalitso. Ine ndimangomwa tiyi wanga mwakachetechete, chifukwa nditati nditsegule pakamwa ndikhoza kudana ndi mtundu wonse. Koma poti inu simunalandireko kanthu tsikulo, ndikuuzani zimene anandichita anthu amene ndimawatcha abale anga.

M'zaka za m'ma 1990 aphunzitsi ambiri tinathawira ku Botswana, kwacha itayamba kupepuka ngati mankhusu. Ine ndinkaphunzitsa masamu pasekondale ina kufupi ndi Francistown. Kuno ndinasiya chibwenzi, Esinati, mwana wa a Sakala a ku Tamanda, kalaliki wopuma pantchito amene ankavala tayi ngakhale popita kudimba. A Sakala sankandifuna. Anali atamva kuti anyamata opita kunja amangotchuka dzina, kumeneko amagona mothithikana ngati matemba, ndipo ananenetsa kuti sapereka mwana wawo kwa munthu amene sanamuone ndi maso awo. Tinagwirizana kuti Khirisimasi ikangodutsa ndikaonekere pamodzi ndi nkhoswe yanga, amalume a Yotamu. Esinati anandichenjezeratu kuti atate ake amayamba kuona nsapato za munthu asanaone nkhope yake.

Ndiye ndinadzimana. Miyezi ingapo nyama ndinkangoimva fungo kwa aneba, mpaka ndinagula suti yabuluu woderako, shati yoyera, tayi yofiira ndi nsapato zachikopa zolira poyenda. Zonsezi, pamodzi ndi zovala zanga zina, ndinaika m'sutikesi yaing'ono. M'sutikesi yaikulu ndinalongedza mphatso: zitenje, mabulangete, sopo wonunkhira ndi timadiresi ta ana. Makiyi a masutikesi onse awiri ndinawakoleka pakawaya kamodzi (apa ndi pamene Satana analowera).

Amene munayendapo ulendo umenewu masiku amenewo mukudziwa. Uwoloke pa Kazungula, ufike ku Lusaka msana utatha, kenaka basi ya ku Chipata ikumalize m'maenje a mumsewu. Ndinafika ku Kapata masana, maso ali psuu, ndipo ndinapeza nyumba itadzaza. Analipo azakhali anga, mlongo wawo wa atate, amene kwathu ndiwo amagawa chilichonse kuyambira nyama yapamaliro mpaka mayina a ana. Analipo amalume a Yotamu, ndi asuweni ena amene sindinkawakumbuka n'komwe. Malonje atatha ndinaika masutikesi onse awiri pamphasa, ndinapereka makiyi kwa azakhali n'kunena kuti, "Azakhali, timphatso tili m'menemo, mugawe ndinu." Ndinapita kukasamba, kenaka ndinati nditsamire pang'ono pabedi kuti ndiwongole msana.

Tsono kwathu katundu wa mlendo ali ndi lamulo lake. Chimene walowa nacho kuchipinda n'chako. Chimene wasiya pamphasa pamaso pa akulu, wapereka. Lamulo limeneli ndinakulira momwemo, sindikukana. Koma tanenani inu, anthu a nzeru zawo, ena aphunzitsi, ena akulu a mpingo, angatsegule sutikesi n'kupezamo mswachi wotha ndi makabudula am'kati ochapachapa, n'kumati izinso ndi mphatso? Palibe ngakhale mmodzi amene anati tiyeni timudzutse mwini wake timufunse.

Chimene chinandidzutsa ndi nyimbo yachiyamiko. Nditatuluka ndinapeza onse atagwada, maso ali chitsinzinire, atate akupemphera. Nanenso ndinagwada. Atate anga anali hedimasitala wopuma, ndipo pemphero lawo linkayenda ngati kuitana mayina m'kalasi, chinthu chilichonse kuchitchula pachokha. Anathokoza chifukwa cha mabulangete, ine ndinati amen. Anathokoza chifukwa cha zitenje, ndinati amen. Koma atafika pa mawu akuti "ndi suti imene mwana wathu wakumbukira nayo amalume ake," ndinatsegula maso.

Amalume anali atagwada pakona, atavala jekete langa pamwamba pa shati yawo yakumunda, kansalu ka dzina la sitolo kakadali pamkono. Nsapato zanga zinali kumapazi kwa msuweni wina. Tayi inali m'khosi mwa atate. Sutikesi yaing'ono inali gwaa, yopanda kanthu, ndipo nayonso azakhali anali ataitsamira ngati yawo kale. Amen womaliza atamveka, anthu onse anandiombera m'manja, amayi ena analulutira, amalume anandikumbatira misozi ili mbwembwembwe, akuti chibadwire sanavalepo suti yatsopano.

Ndinakokera amayi kukhitchini.

"Amayi, sutikesi yaing'ono ija inali yanga."

"Nanga yaikulu inali ya yani?"

"Ndikunena zovala zanga, amayi. Suti ija ndi yokaonekera ku Tamanda."

Amayi anandiyang'ana mwachisoni, koma chisoni chake cha munthu amene walandira bulangete. "Mwanawe, chinthu chopemphereredwa salanda. Ukufuna atate ako abweze pemphero?"

Amati kupatsa n'kuika, koma mwambi umenewu anaupanga anthu olandira. Ine sindinapatse, ndipo sindinaike. Ndinangopita kukasamba.

M'mawa mwake ndinameza manyazi n'kupita kwa amalume kukabwereka suti yanga yomwe. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinafotokoza zonse za a Sakala ndi maso awo oyambira kunsapato. Ndinalonjeza kuti tikangobwerako ku Tamanda ndibweza. Amalume anamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu ngati woweruza, suti ili pachitseko ataiphimba ndi chitenje.

"Mwana wa mlongo wanga, waganiza ngati mwana," anatero. "Kumeneko iwe sukayankhula. Ukakhala pansi, ukawerama. Suti ikaoneka bwanji uli chiweramire? Woimirira n'kumayankhula ndine. Nkhoswe ndiye nkhope ya banja, ndiye ndikaivala chifukwa cha iwe."

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mfundo yawo inali yomveka. Ndinafunsa za nsapato, anandiuza kuti msuweni uja analawirira kumudzi atazikoleka m'khosi poopa matope.

M'masitolo a m'tauni suti zinalimo, koma thumba langa linali litathera m'masutikesi aja. Ndinaganiza zopita kumsika wa Kapata kukasankha jekete pa salaula, zovala zakale zija amaziunjika pansi. Ndinatsitsa chipewa kumaso n'kuyamba kufukula mulu. Jekete labwino ndinalipeza ndithu, ndipo ndinali nditalowetsa mkono umodzi pamene dzanja linandigwira phewa. Anali azakhali, atavala chitenje chatsopano cha ku Botswana. Anandifunsa ngati ndapenga. Anati munthu wochokera kunja kupezeka akusalaula, Kapata yonse iseka banja lathu mpaka Pasaka, ndipo mbiriyo ikafika ku Tamanda ine ndisanafike. Anandivula jekete lija pamaso pa wogulitsa n'kunditsogoza kunyumba ngati mwana wothawa sukulu. Taonani, anthu amene anandisiya wamaliseche ndi omwewo amene ankateteza ulemu wanga.

Mapeto ake atate anatsegula bokosi lawo n'kutulutsa safari suti yotuwa ya m'masiku a chipani chimodzi, yonunkha mankhwala a njenjete. Anandipatsa ndi manja awiri, amvekere imeneyi inalandirapo alendo akuluakulu pasukulu. Vuto n'lakuti atate anga anali aafupi, ine ndinatengera kuchimayi. Buluku linathera pamwamba pa akakolo, mabatani a malaya ankachita kukuwa, ndipo kumapazi kunali nsapato zansalu zimene ndinayendera ulendo wonse. Amayi anati ndaoneka bwino kwambiri, koma ananena akuyang'ana kukhoma.

Tsiku lopita ku Tamanda tinakwera vaneti yamatola. Dalaivala atangoona suti anatsegulira amalume chitseko chakutsogolo. Ine ndinakwera kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza ndi mbuzi ya munthu wina, imene inakonda kwambiri kolala ya safari suti. Mvula inawaza, matope ofiira anatithira, ndipo nthawi yonseyi ndinkaona pagalasi amalume akucheza ndi dalaivala, mkono wa jekete langa uli pawindo.

Titafika kwa a Sakala, anthu onse anathamangira amalume. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti wa ku Botswanayo ndi wooneka bwino, kungoti ndi wachikulire. Ine anandilozera pansi pa mtengo wa mango kuti ndidikire pomwepo, poganiza kuti ndine wonyamula katundu. Amalume anakonza cholakwikacho, koma sanafulumire nako. Polowa m'nyumba ndinaona katani ya kuchipinda ikugwedezeka, diso la Esinati linatulukira, linanditsika kuchokera kumutu mpaka kumapazi, katani n'kutsekeka. Pamenepo ndinamva mantha enieni, chifukwa mtsikanayo ndinkamukonda, ndipo anali atandidikira nthawi yaitali akukana ena.

Amalume anawakhazika pasofa. Ine anandipatsa kampando kakafupi, ndipo nditakhala, buluku linakwera mpaka pakatumba. Mwambo umati wofunsira asayankhule, ndiye ndinawerama. Amalume anayamba kuyala nkhani, Chingelezi chikulowa apa ndi apo (chimene sindinawamvepo akuyankhula asanavale suti). A Sakala sankamvetsera n'komwe. Ankayang'ana nsapato zanga, akakolo anga, mabatani anga, n'kubwereranso kunsapato.

"A nkhoswe," anatero pamapeto pake, "tinkangomva kuti kunjako anyamata akuvutika. Lero tadzionera tokha."

Ndinadziwa kuti basi, ukwati watha usanayambe. Ndinafuna kuimirira n'kukuwa kuti suti mukuionayo ndi yanga, thukuta langa, nyama yanga imene sindinadye, koma mwambo unanditseka pakamwa. A Sakala, pofuna kutitsanzika mwaulemu, anayamikira suti ya amalume n'kufunsa kumene anaigula.

Amalume anaimirira, anatembenuka kuti anthu aone ndi kumbuyo komwe, n'kunena kuti, "Wandigulira ndi mwana ameneyu. Anabwera ndi masutikesi awiri, wagawa zonse osasiyako ngakhale mswachi. Zimene wavalazi wachita kubwereka kwa atate ake."

A Sakala anavula magalasi, anawapukuta, anandiyang'ananso, ulendo uno kumaso. Ananena pang'onopang'ono kuti pa moyo wawo aona anyamata ambiri obwera kuchokera kunja atadzikongoletsa okha, makolo awo akuyenda zigamba, koma munthu wodzivula kuti aveke abale ake anali asanamuonepo. Anati mwana wawo akakhala m'manja abwino. Kukhitchini kunamveka nthungululu, amalume analandira ulemu wonse, ndipo ine ndinakhalabe chiweramire, theka la mtima likuvina, theka likutukwana. Esinati nditakumana naye kuseri kwa nyumba anayesa kundikalipira, koma atayang'ana akakolo anga anaseka mpaka anakhala pansi.

Musafulumire kunena kuti zinatha bwino. Potiperekeza kumsewu, a Sakala ankayenda pambali pa amalume akusisita mkono wa jekete lija, kuyesa nsalu ndi zala. Kenaka anakweza mawu kuti ine kumbuyo ndimve.

"A nkhoswe, mukamuuze mkamwini wathuyo kuti ine ndi inu thupi ndi limodzi. Kungoti ine mikono njaitali pang'ono."

Kuyambira tsiku limenelo nyumba zodikira sutikesi yanga zinakhala ziwiri, ndipo mbiri yanga ya kuolowa manja inafalikira kuchokera ku Kapata mpaka kumalire a Malawi, ine mwini wake osaivomereza. Phunziro ndinatolapo limodzi lokha, lakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Khirisimasi yotsatira suti ya apongozi ndinaiika m'sutikesi, koma yanga yatsopano ndinaivala kuchokera ku Francistown, ndinawoloka nayo Zambezi, ndinapsa nayo m'basi dzuwa la Disembala likuswa mtengo. Nditafika ku Kapata thukuta lili kamukamu, azakhali anandilandira mwansangala, anagwira kolala n'kuyamikira nsalu yake.

"Vula jeketeli upume, mwanawe," anatero, "uliike apa pamphasa."

Ndinadya nalo, ndinapemphera nalo, ndinagona nalo.