Ndinatuma Akazi Anga Kukandidwalira

Moni mukhoza kutumiza, koma matenda ayi. Ine ndinayesa, ndiye tamvani.

Ntchito zakumigodi zitazilala, kampani inandichotsa. Ndinangokhala pakhomo ku Armadale, kudziko la azungu kuno, tulo n'kundithawa. Mwana akagwetsa supuni ndinkalusa ngati wagwetsa nyumba. Dokotala anati ndikaonane ndi katswiri wa zamaganizo m'tauni. Ndinati palibe vuto, inshuwalansi tili nayo.

Kuwaimbira a inshuwalansiwo, akuti aliyense amayamba walipira yekha gawo loyamba pachaka, lomwe amati ekisesi, iwo n'kumalowererapo pambuyo (ambulera yobwera utanyowa kale). Gawo langa linali lisanalipidwe. Koma la akazi anga, mayi a Tadala, tinali titalipira pomwe anawachita opaleshoni ya bondo.

Apa nzeru zakwathu zinandifikira. Kodi kumudzi sitinkapita kuchipatala kukadandaula mutu wa amalume ngati wathu, n'kubwerako ndi mapilitsi? Ndinawalembetsa mayi a Tadala kwa katswiri uja m'malo mwanga.

M'sitima ndinayamba kuwaphunzitsa.

"Mukanene kuti simugona. Mumakalipa popanda chifukwa. Mumakhala m'galimoto m'galaja, osailiza."

"M'galaja muja simukhala mukukonza galimoto?"

"Inu lowezani basi. Mukatinso foni yakumudzi ikaitana mtima umathamanga. Mwina mumalira kumene."

Anangondiyang'ana mpaka tinatsika.

Ndinadikira pabenchi panja, ndikudzitama kuti azungu ndawachenjerera. Mayi anatuluka maso ali psuu, koma akuyenda mopepuka ngati mtsikana.

"Ati nditani?" ndinafunsa.

"Ndani?"

"Ineyo! Zija ndakutumani!"

"Zanuzo ndinayamba bwinobwino. Kenako anandifunsa kuti ndimaganiza chiyani ndikakhala m'galajamo. Ine ndidziwa bwanji? Ndinangoulula, n'kuyamba zanga."

"Inu muli ndi vuto lanji?"

"Mwamuna amene amalira m'galaja, ine n'kudzamvera m'sitima ngati mlendo."

Zinandilasa, sindinama. Ndinasowa poyang'ana.

"Ati mubwere nokha ndi pakamwa panu," anatero. "Ine ndibweranso sabata yamawa, ndazikonda."

Ekisesi ija ndinalipira. Kuumira kwanga kunabala odwala awiri m'nyumba imodzi, ndipo matikiti a sitima timagula awiriawiri.

Kugalaja ndimapitabe, chizolowezi sichitha msanga. Koma masiku ano ndikangotseka chitseko changa cha galimoto, chinacho chimatseguka, mayi a Tadala n'kukhala pambali panga ndi makapu awiri a tiyi.

"Kuno n'kwaulere," amatero. "Yambani."