Kamera Yotsata Nkhope

Lolemba
Achimwene aimba kuchokera ku Joni. Chinkhoswe cha mwana wawo Tadala chilipo Loweruka, koma mapepala awo sali bwino, sangabwere. "Gula kamera, undijambulire mwana wanga ndimuone." Asadandaule! Maso awo ndine.

Lachiwiri
Ku Limbe, pashopu ya a Saidi. Makamera alipo awiri. Ina yakale, yolemera ngati njerwa, mabatani atatu basi, koma chithunzi chake mbee, tsitsi kuoneka lililonse palokha. Inayo yaing'ono, chithunzi chachifunga pang'ono, koma imakoka zakutali, imaona mumdima, imasalaza khungu, ndipo kamutu kake kamatembenuka kokha kutsata nkhope ya munthu! A Saidi akuti, "Bwana, tengani yakaleyi." Ndawadziwa, akufuna kunditayira katundu wogonera.

Lachitatu
Ndagula yaing'ono. Enafe timayenda ndi nthawi.

Lachinayi
Tsiku loyesa. Ndakoka phiri la Ndirande, latuluka ngati phala. Batani losalaza khungu lawachotsa makwinya mayi akunyumba, pamodzi ndi mphuno yomwe. Sakundilankhula.

Lachisanu
Kabuku ka malangizo kali m'Chitchaina. Pozimitsira zotsata nkhope sindikupaona. Palibe kanthu, nanga kuchinkhoswe si nkhope zokhazokha?

Loweruka
Ku Machinjiri. Nthungululu! Atsikana akulowa atawafunditsa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti akuchimuna aloze wawo. Nkhope palibe. Kamera yasakasaka, yapeza imodzi: ya bambo wina amene analephera ukhansala, yodindidwa pachitenje chimene azakhali amanga m'chiuno. Azakhali kuvina, kamutu nako kuwatsata. Tadala akumuvundukula, anthu akukuwa, kamera ili kumbuyo kwa azakhali. Ankhoswe akupatsana tambala ndi thadzi, iyo ili pomwepo, nganganga! Ndadina mabatani onse mwaukali, yayamba kuona mumdima dzuwa likuswa mtengo. Zonse zobiriwira.

Lamulungu
Ndatumiza kanemayo ku Joni, nanga ndikanatani? Achimwene aimba atangomaliza kuonera. "Azakhali ndawaona, anenepa ndithu." Ndikudikira kukalipidwa, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Iwo akungofunsa motsitsa mawu: "Chakumapetoko, pakona, pakuoneka dzanja lovala chibangili. Ndi la Tadala?"

Sindikudziwa kuti ndi la ndani. Ndayankha kuti ndi lake.

Akuti ndidule foni, akufuna akaonenso.