Nyumba ya lendi imene ndinagula kwa mkamwini

Mpaka lero ndikamva munthu akunola chikwanje, ndimayang'ana kothawira. Zinayamba nditalandira penshoni yanga ya uphunzitsi, n'kuganiza zogula nyumba yoti ndiziikamo anthu a lendi.

Mayi a kunyumba anandiuza bwinobwino: "Bambo, gulani ya mtengo wapakati m'tauni ya Katete, yokhala ndi mapepala ake. Yotchipa ili ndi chifukwa chake."

Koma ine pa ndalama ndine wamantha. Ndinaopa kuti penshoni yonse ithera m'nyumba imodzi. Choncho nditamva za nyumba yanjerwa ndi malata kufupi ndi Sinda, mtengo wake wosafika ndi theka lomwe, ndinathamangira osawauza. Wogulitsayo anali waulemu, koma wachangu modabwitsa. Tinasainirana papepala long'amba m'kope, iye n'kukwera basi ya ku Lusaka.

Patatha sabata ndinapitako ndi mayi wina wogulitsa salaula (zovala za kaunjika), amene ankafuna kulowamo. Pakhonde tinapeza bambo wadzitho akunola chikwanje pamwala, azimayi asanu ali pamphasa.

"Odi, ndine mwini nyumba watsopano," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwana wa giredi wani.

"Mwagula kwa yani?" anafunsa bamboyo osadzutsa mutu.

Ndinatchula dzina.

"Ujatu ndi mkamwini. Anabwera kudzakwatira mlongo wanga, pamalo a amayi athu. Inu aphunzitsi, Mchewa mnzathu, simudziwa kuti mkamwini sagulitsa dothi?"

Ndinkadziwa! Ineyo ndinakhalapo pachikamwini zaka zisanu ndi ziwiri, koma kutchipa kunanditseka m'maso. Nditacheuka, mayi wa salaula anali atafika kale kumsewu. Chikwanje chinkangolira pamwala, ndipo ndinayamba kulapa chamumtima machimo onse, ngakhale a ana omwe ndinawakwapula osalakwa.

Bamboyo anaimirira. Ine ndinatsinzina.

"Malata ndi chitseko anagula yekha, zimenezo zulani. Njerwa tinaumba ndife," anatero, n'kulowera kudambo kukadula nsungwi.

Ndinabwerera kwathu pa lole, nditakhalira penshoni yanga: malata khumi ndi awiri ndi chitseko chimodzi. Njira yonse ndinkaopa mayi a kunyumba kuposa chikwanje. Sanakalipe (bola akanakalipa). Anangoyang'ana malatawo n'kunena kuti, "Kafolereni khola."

Ndiye nyumba ya lendi ndili nayodi. Mukukhala mbuzi zinayi zosalipira, ndipo zikadwala wogula mankhwala ndine.