Sabata Imene Saidi Anakana Botolo

Lolemba

Nkhani yabwera m'mawa ndi Mayi Tcheya, mkulu wa amayi achipani kuno ku Liwaladzi. Amake Saidi asankhidwa kukavina ku boma Loweruka. Mzere wakutsogolo! Lole ibwera m'mamawa, kubwerera Lamulungu. Ndikuti inde, mkazi wa fundi wa mainjini akanavina kumbuyo?

Vuto ndi nsalu. Yunifomu yatsopano ili ndi nkhope ya Mwini Dziko, ndipo telala waisoka mwakuti nkhope imodzi yagwa pamsana penipeni, pamalo pa Saidi. Mayi Tcheya: "Mwana kumsana ayi. Mukufuna akodzere pati?" Ngakhale ine, amene sindisowa yankho, ndangoyang'ana nkhuku.

Kukana kulibe. Mayi wina anakana chaka chatha, mwamuna wake anakafotokoza ku boma masiku anayi, anabwerako nthabwala zitamuthera.

Ndiye Saidi atsala ndi ine. Miyezi isanu, masaya ngati mandasi. Botolo amalidziwa. Mwezi watha amake atagona ndi malungo ankalikoka ngati pampu.

Ndauza amake kuti akavine mtima uli m'malo. Manja awa adzutsa:
injini ya Che Bakali imene inagona pansi pa madzi sabata ziwiri,
chigayo cha ku Dwambazi,
wailesi ya Shehe, kungoimenya khofi limodzi basi.
Ndiye kabotolo?

Masana kuyesa. Saidi walinunkhiza, wandiyang'ana, watembenukira kukhoma. Ndi manyazi chabe.

Lachiwiri

Wakananso. Milomo wamanga ngati bawuti ya dzimbiri.

Injini ikakana mafuta zifukwa zimakhala zitatu: mafuta oipa, kabowo kotseka, kapena mwini wake ndi chitsiru. Mkaka ndalawa, uli bwino. Ndalawanso kuti nditsimikize, theka la botolo. Chachitatu sichingatheke. Ndiye ndi kabowo.

Singano, moto, kamphira koyamwira kaja. Ndakuza pang'ono. Ndayang'ana padzuwa, ndakuzanso.

Kumene mkaka wapita: m'mphuno mwa Saidi, m'khutu mwake, pa malaya anga, pa mphaka. M'mimba mwa Saidi ngakhale dontho. Watsokomola, wafiira, kulira kwake ndikhulupirira kwamveka tsidya lija la nyanja.

Amake amulanda, kumuika kubere, zii! Ngati wazimitsa swichi. "Bambo a Saidi, mwana alibe kabuleta."

Ndikudziwa. Akanakhala nayo bwenzi nditamaliza dzulo.

Lachitatu

Njinga mpaka Dwangwa kukagula timphira tina. Titatu: kofiira, koyera, ndi kena kotalika ngati ka mwana wa ng'ombe. Wa sitolo akufunsa ngati ndili ndi mapasa. Ndamuuza kuti ndili ndi mmodzi koma amadya za anthu anayi. Ndi zoona, kungoti sadya kwa ine.

Nkhani ndangouza munthu mmodzi, koma pofika pamsika aliyense ndi dokotala.
Wogulitsa usipa: pakani shuga.
Wa matemba: mkaka wa mbuzi.
Mlonda wa pa esiteti ya nzimbe: muimbireni.
Mayi wina wosandidziwa n'komwe: "Mupatseni amake."

Shuga ndapaka. Saidi wanyambita yense bwinobwino, kuzungulira, ngati munthu wolembedwa ntchito. Atamaliza walavula kamphira. Ndapakanso. Chimodzimodzi. Mwana uyu adzakhala kalaliki wa ku ofesi, amatenga zapamwamba n'kusiya ntchito.

Kuimba ndaimba. Saidi wasiya kulira kuti amvetsere, kenaka wayamba mwatsopano, mokweza kuposa ine.

Tsopano nyerere zapeza botolo. Zokhazo ndiye zikulikonda.

Amake madzulo ali kubwalo la sukulu kuyeserera magule. Ndikumva ng'oma ndili pano. Masiku atsala awiri.

Lachinayi

NyaMhone, oyandikana nafe, akuti mwana amayamwa ndi mphuno. Akamva fungo la amake, alandira chilichonse.

Nzeru imeneyi inenso ndinali nayo, kungoti anayamba kunena ndi iwo.

Ndavala bulauzi ya amake, ya maluwa ija. Chitenje chawo chakale m'chiuno. Duku kumutu. Botolo ndalilowetsa mkati mwa bulauzi, kamphira kokha kutulukira pakati pa mabatani. Ndakhala pakhonde kuseri, miyendo ndatambalala ngati mmene amachitira. Walahi, ndikanakhala mkazi anthu akanamenyana.

Saidi wanunkhiza. Wasunthira pafupi. Watsegula pakamwa! Kenaka wakweza maso, waona ndevu.

Waseka. Kuseka kwake koyamba kwenikweni, kwa mawu, mpaka ntchofu. Wagwira ndevu ndi manja onse awiri.

Nthawi yomweyo Che Bakali atulukira kuseri kwa nyumba, injini paphewa. Aima. Atsitsa injini pansi pang'onopang'ono. "Pepani mayi, afundi alipo?"

Pofika dzuwa kupendeka gombe lonse ladziwa. Asodzi akudutsa pano akupereka moni wogwada. Wina wafunsa ngati ndili ndi mwamuna.

Mkaka womwedwa lero: palibe.

Lachisanu

Njira ya njala. Injini youma siisankha mafuta. Amake ndawatumiza kwa NyaMhone kuyambira m'mawa, ndawauza asabwere ngakhale amve chiyani.

Ola loyamba: Saidi akudandaula.
Ola lachiwiri: akutukwana, ndikutsimikiza, ngakhale mawu ake sindikuwamva.
Botolo: ayi. Supuni: wamenya. Kapu ya tiyi: wabwebweta m'menemo, mkaka wonse kumaso kwanga.
Ola lachitatu silinakwane. Amake alumpha mpanda wa NyaMhone, bulauzi itanyowa kutsogolo konse, osandiyang'ana n'komwe.

Ku mzikiti, titatha mapemphero a Juma, Shehe andigwira dzanja nthawi yaitali. "Afundi, mbali ya amayi ndi uko." Anthu akulu, ndevu zoyera, kugwa ndi phwete!

Amake apita kwa Mayi Tcheya kukapempha kuti awabwezere mzere wakumbuyo, kapena atsale. Abwerako msanga. Yankho: "Dzina lapita kale ku boma." Akhala pamkeka, Saidi kubere, misozi ikugwera pamutu pa mwana. Akuti akapita mwana akomoka ndi njala, akatsala achipani anditenga ine.

Ndawauza kuti mawa amwa, inshala. Ndalankhula mwamphamvu ngati nthawi zonse. Botolo ndalitsuka kawiri, kuti manja akhale ndi chochita.

Loweruka

Lole yanyamuka. Amayi akuimba, amake akuyang'ana kumbuyo mpaka pokhota. Saidi wayamwa komaliza amake atatsala pang'ono kukwera, wakhuta ndi!, wagona.

Wadzuka dzuwa litakwera. Kofiira: ayi. Koyera: ayi. Ka mwana wa ng'ombe: wandiponyera. Kulira kwasintha, sikulinso kwa mkwiyo, kwayamba kuchepa mphamvu. Kumeneko ndiye kwandiopsa.

NyaMhone andimangirira mwana kumsana ndi chitenje chakale, chopanda nkhope ya aliyense. Njinga!

Msewu wa ku boma sindinaudziwe kuti ndi wautali chonchi. Fumbi, mabampu, dzuwa. Malole akundipitirira, anthu akuloza. Ndapalasa ngati ndikuthamangitsidwa ndi mvuu. Ndikanakhala pa mpikisano bwenzi andipatsa njinga ina.

Pachipata cha bwalo, anyamata achipani. Khadi langa lachipani ndaonetsa. Mmodzi wasuzumira kumsana: "Nanga bwanawa?" Ndamugulira khadi lake. Saidi tsopano ndi membala, dzina lake ndalemba ndekha.

Ndapeza amake kuseri kwa lole, akudikira nthawi yawo, nkhope itatupa. Avula bulauzi ya yunifomu, aipinda bwinobwino nkhope ya Mwini Dziko kumwamba, andipatsa kuti ndinyamule ndi manja awiri. Adzifunda chitenje changa. Saidi wagwira bere ngati ng'ona. Akuyamwa, diso limodzi lili pa ine.

Mluzu! Mwana kwa ine, bulauzi kwa iwo, liwiro kubwalo. Katatu konse tachita zimenezi. Kuvina kwawo sindinaone, ndinali kuseri kwa lole. Akuti anavina bwino kuposa onse. Ndikuvomereza.

Lamulungu

Tagona m'kalasi ku boma, amayi mkati, ine pakhonde ndi njinga. Tabwera pa lole yomweyo. Amayi makumi angapo, njinga imodzi, mwamuna mmodzi. Andipekera nyimbo. Sindiilemba muno.

Miyendo siikupindika. Pokhala ndikukhalira mbali imodzi. Saidi wandikodzera kumsana kawiri, ndipo palibe mlandu.

Amake ali bwino, mwana ali bwino, ku boma sindikukafotokoza kanthu. Botolo lili pawindo. Sindikulilankhula.

Masana Mayi Tcheya abwera, akumwetulira, chinthu chimene sindinaonepo. Akuti ndaonetsa chitsanzo chabwino kwa abambo onse a m'dera lino. Akuti amayi atatu oyamwitsa ankazemba mzere wakutsogolo chifukwa cha ana, tsopano chifukwa chatha. Mwezi wamawa kuli ulendo wa ku Kasungu, masiku atatu. Malo anga pa lole alipo.

Ndati ndili ndi mainjini a anthu. Akuti dzina lapita kale ku boma.

Ana anayi. Msana umodzi. NyaMhone akuti wina amamangidwa kutsogolo, andiphunzitsa mawa.