Kakolo wa Mpostoli

Lolemba

Akatekisiti andipeza kumunda. Akuti chaka chino ndili m'gulu la amuna khumi ndi awiri amene Bambo Mfumu adzawasambitse mapazi Lachinayi Loyera. Ine, mpostoli! Imvi zamera ndikungoonerera anzanga. Ndavomera msangamsanga.

Atangochoka, ndakumbukira kakolo.

Pa kakolo wakumanja pali chigamba changa chija. Chinayamba ngati polumidwa ndi udzudzu. Ndinakanda, chinayabwa, ndinakandanso. Lero khungu lake ndi lakuda, lokhuthala, la mizeremizere ngati khungwa la mango. Kutchalitchi palibe anachionapo. Sokosi sindivula ngakhale mu Okutobala.

Masana ndapalasa njinga mpaka kuchipatala ku Ntaja. Adokotala akuti si khate, si chipere, sichipatsirana. "Mwachiweta nokha ndi zikhadabo, bambo. Mukaleka kukanda chizilala, koma ndi nkhani ya masabata." Masabata? Ine ndili ndi mpaka Lachinayi basi.

Malamulo:
kudzola mankhwala m'mawa ndi madzulo,
kumangapo kansalu,
kuwenga zikhadabo,
OSAKANDA!

Lachiwiri

Zikhadabo zapita. Amake Filipo, mayi a m'nyumba muno, awenga ndi lezala mpaka pamnofu, uku akuimba. Zikuoneka kuti ntchitoyi ankailakalaka kalekale.

M'mawa wonse ndili bwinobwino. Dzuwa litafika pamutu, kuyabwa kwadzuka. Si kuyabwa kwa masewera iyayi, kumachita kukuitana dzina. Ndamenyapo khofi. Ndathirapo madzi a mumtsuko. Ndapemphera.

Sindinakande. Chidendene chakumanzere ndiye chapitako chokha. Adokotala ananena za zikhadabo, za chidendene sanatchule.

Lachitatu

Kani dziko lonse ndi lodzaza zokandira:
pedulo ya njinga,
mwendo wa mpando,
m'mphepete mwa khonde,
chitsononkho!

Tawotcha mondokwa. Ndamaliza kudya, chitsononkho chatsala m'manja, chowauka bwino, chokhakhala mbali zonse. Ndimati ndikachitaye. Amake Filipo andipeza kuseri kwa khola, sokosi ili pansi, maso nditatsinzina. "Apostoli, mukutani kumeneko?" Ndati ndikuona nkhuku.

Chigamba chatupa kuposa Lolemba. Palibe kanthu, nzeru ilipo: mawa ndipereka phazi lakumanzere.

Lachinayi

Aaa! Ngakhale kulemba kukundivuta.

Atikhazika kutsogolo, tchalitchi chodzaza mpaka m'mawindo. Akatekisiti akudutsa akunong'ona: "Lakumanja nonse, lakumanja." Ndavula, nanga ndikanatani. Bambo Mfumu agwada, ayang'ana. Athira madzi. Kufika apa ulemu ukadalipo.

Koma thaulo, abale! Latsopano, lolimba ulusi. Alikulunga pa kakolo, ayamba kupukuta. Nthawi imeneyo kwaya yangomaliza ndime, tchalitchi chonse chili zii. Ndangomva mawu anga omwe, okweza:

"Eyaa, pomwepo Bambo, pomwepo!"

Mpostoli wa pambali panga wabisa nkhope m'jekete, mapewa akugwedezeka. Kumbali ya amayi wina wathawira panja atagwira pakamwa. Bambo Mfumu apita pa phazi lotsatira ataluma mlomo.

Manyazi ngati amenewa sindinawaonepo chibadwire. Pobwerera ndadzera m'munda.

Lachisanu

Njira ya Mtanda. Ndaima kumbuyo kwenikweni. Tsiku lachisoni, koma aliyense wondiona akuyamba kutsokomola. Pogwada, mayi wina wanong'ona: "Mwaswera bwanji, a Pomwepo?" Dzina lamera kale.

Potuluka, madokotala achuluka. Uyu akuti phulusa, uyo akuti oyilo wa galimoto, winanso akuti ndinaponda mankhwala panjira. Ndathokoza onse. Ndidzola za kuchipatala zomwezo.

Kusala kudya ndakwanitsa. Kusala kukanda, iyayi.

Loweruka

Sindikutuluka. Amake Filipo akati andilankhule, chiseko chikuwatsamwitsa, ndiye akuthawira kukhitchini. Kansalu lero amanga okha, mfundo yake yomangira mbuzi. Ndayesa ndi mano, sindikufikira.

Ndaganiza zoyamba kupemphera kutchalitchi china, kumene sakundidziwa. Koma ndi kutali, ndiye kuti njinga, ndiye kuti pedulo.

Lamulungu

Pasaka. Ndapita, mutu uli pansi.

Pakhomo ndakumana ndi a Mulinde, amene timakhala benchi imodzi chikwatirire changa. Ndayamba kupepesa kuti aona chinthu chonyansa chimene ndakhala ndikuwabisira.

"Kubisa?" Achita kuvula chipewa. "Achimwene, ulaliki ukangoyamba inu mumakhula mwendo pabenchi, tonse timagwedezeka mpaka Amen. Ana amalimbirana mzere wathu. Musanakhale a Pomwepo munali a Chigayo. Tinakusankhani dala, tinati mwina manyazi akufikitsani kuchipatala."

Ndiye kuti zaka zonsezi wosadziwa ndinali ine ndekha. Zandipweteka, sindinama. Komanso mtima wapepuka.

Chigamba chikadalipo, kuyabwa kukadalipo, dzina silichoka. Ndakhala pamalo panga pomwe paja. Ulaliki wa lero wautali kwabasi. A Mulinde aika dzanja pa bondo langa, osandiyang'ana n'komwe, ndipo sanalichotse mpaka Bambo Mfumu atatsika.